Moni wa nyengo ya Khirisimasi umene umagawa anthu a ku America

Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, ogulitsa m'masitolo a ku United States of America amayamba kusamala lilime. Wogula akalipira katundu wake, kodi amutsanzike ndi mawu akuti "Merry Christmas", kumufunira Khirisimasi yabwino, kapena akuti "Happy Holidays", kumufunira masiku abwino a chikondwerero popanda kutchula kuti chikondwererocho n'chiti? Mawu onsewa ndi aulemu, komabe alipo anthu amene amakhumudwa ndi oyambawo ndipo alipo amene amapsa mtima ndi achiwiriwo. Mkanganowu unakula mpaka kulowa m'misonkhano yokopa anthu pa chisankho cha pulezidenti.

Chifukwa choyamba chili pa kalendala. Nyengo imeneyi, yomwe kumeneko ndi yachisanu, imayamba ndi tsiku lothokoza lotchedwa Thanksgiving chakumapeto kwa Novembala ndipo imatha pa Chaka Chatsopano. Pakati pake pali Khirisimasi, palinso Hanukkah, chikondwerero cha Ayuda cha masiku asanu ndi atatu chokumbukira kuyeretsedwa kwa kachisi wa ku Yerusalemu zaka zoposa 160 Khristu asanabadwe. Kuyambira pa 26 Disembala mpaka pa 1 Januwale mabanja ena a anthu akuda amachita Kwanzaa, mwambo umene Maulana Karenga anauyambitsa m'chaka cha 1966. Dzina lake analitenga ku mawu a Chiswahili akuti matunda ya kwanza, kutanthauza zipatso zoyamba. Choncho "Happy Holidays" ndi moni umodzi wokwanira masiku onsewa, ndipo ngakhale Mkhristu angathe kuunena pophatikiza Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Moniwu si wa dzulodzulo ayi, ndipo sunabadwe pofuna kuthawa chipembedzo. Liwu lakuti holiday linachokera ku Chingerezi chakale chotanthauza tsiku lopatulika. Irving Berlin, Myuda amene anasamukira ku America ali mwana, ndiye anapeka nyimbo ya "White Christmas" komanso ya "Happy Holiday", ndipo zonse ziwiri zinaimbidwa mu filimu imodzi, Holiday Inn, m'chaka cha 1942. Komanso tingonena pang'ono kuti amene anayamba kuletsa Khirisimasi m'dzikolo anali Akhristu eni ake: gulu la Puritan la ku Massachusetts linakhazikitsa lamulo mu 1659 lolipitsa masheleni asanu aliyense wokondwerera tsikuli, ponena kuti mulibe m'Baibulo ndipo limabweretsa kuledzera. Lamulolo linachotsedwa mu 1681. Boma lalikulu linavomereza Khirisimasi kukhala tsiku la tchuthi mu 1870, pa nthawi ya pulezidenti Ulysses S. Grant.

Chifukwa chachiwiri ndi malamulo. Kuyambira mu 1791 malamulo oyendetsera dzikolo amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, ndipo Bwalo Lalikulu la milandu lakhala likufunsidwa kuti malire ake ali pati. Mu 1984, pa mlandu wa Lynch ndi Donnelly, bwalolo linalola mzinda wa Pawtucket ku Rhode Island kuonetsa kakhola ka ziboliboli za kubadwa kwa Yesu, chifukwa kanali pamodzi ndi Santa Claus, mphalapala zake ndi zokongoletsa zina zosakhudza chipembedzo. Koma mu 1989 bwalo lomwelo linagamula kuti kakhola kamene kanaikidwa pakokha pa masitepe a nyumba ya milandu ku Pittsburgh kanaphwanya malamulo, pamene choikapo nyali cha Hanukkah chimene chinali pafupi ndi mtengo wa Khirisimasi panja pa nyumba ina ya boma chinaloledwa. Akuluakulu a masukulu ndi makhonsolo anatolapo phunziro lakuti mawu ophatikiza aliyense sakokera munthu ku khoti. Malamulowa amamanga boma lokha. Palibe lamulo limene linaletsapo munthu wamba kapena sitolo kunena kuti "Merry Christmas".

Masitolo ali ndi chifukwa chawochawo, ndipo n'cha ndalama. Nyengo imeneyi ndiyo ya malonda aakulu pa chaka chonse, ndipo mwini sitolo safuna kuti Myuda, Msilamu, Mhindu kapena munthu wosapembedza adzimve mlendo pamene wabwera kudzagula. Chikwangwani cha "Happy Holidays" chimakhalitsanso: chimapachikidwa mu Novembala n'kudzachotsedwa mu Januwale.

Zimene amalonda ankaona ngati nzeru, Akhristu ena anaziona ngati kufafaniza dzina la Khristu pa tsiku lake lomwe. Dandaulo limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo si yosangalatsa. M'zaka za m'ma 1920 nyuzipepala ya Henry Ford, Dearborn Independent, inkaloza chala Ayuda, ndipo mu 1959 bungwe la John Birch Society linkati achikomyunizimu ndiwo akufuna kulanda Khirisimasi. Moto weniweni unabuka mu 2005. M'chaka chimenecho John Gibson, mtolankhani wa wailesi ya kanema ya Fox News, anatulutsa buku lotchedwa The War on Christmas, ndipo mnzake Bill O'Reilly ankabwerezabwereza nkhaniyi pa pulogalamu yake. Bungwe la American Family Association linapempha anthu kuti asiye kugula m'masitolo a Target, pamene Catholic League inalimbana ndi Wal-Mart. Ngakhale pulezidenti George W. Bush, munthu wodziwika ndi kupemphera, anadzudzulidwa ndi anthu a mbali yake chifukwa khadi limene nyumba ya boma ya White House inatumiza chaka chimenecho silinatchule Khirisimasi. Chaka chotsatira Wal-Mart inalengeza kuti yabwerera ku "Merry Christmas". Pokopa anthu pa chisankho cha 2016, Donald Trump analonjeza mobwerezabwereza kuti akapambana anthu adzayambanso kunena mawu amenewa, ngakhale kuti a Barack Obama, amene ankalamulira pa nthawiyo, ankawanena chaka ndi chaka m'uthenga wawo wa Khirisimasi.

Kuti munthu amvetse mkwiyo umenewu ayenera kuyang'ana chiwerengero cha opembedza. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center anapeza kuti mu 2007 akuluakulu 78 mwa 100 alionse ankadzitcha Akhristu, koma pofika 2023 ndi 2024 anatsika kufika pa 62. Opanda chipembedzo chilichonse anakwera kuchoka pa 16 kufika pa 29. Kwa munthu amene anakulira m'tauni yaing'ono momwe aliyense ankapita ku tchalitchi, kusintha kwa moni wa m'sitolo ndi chizindikiro chooneka cha kusintha kwakukulu kumene sangathe kukuletsa. Akamanena kuti "Merry Christmas" mokweza, amakhala akuchitira umboni chikhulupiriro chake, ndipo nthawi zina akuonetsanso mbali imene ali pa ndale. Winayo, wa mumzinda ngati New York kapena Los Angeles, amene mnzake wa kuntchito amayatsa nyali za Hanukkah ndipo woyandikana naye nyumba amapita ku mzikiti, amaona kuti ndi mwano kuganizira mlendo chipembedzo chimene sanakuuze. Zipani nazo zinatengera mzere womwewo: kafukufuku wa Public Religion Research Institute wa mu 2016 anasonyeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse otsatira chipani cha Democratic ankafuna kuti masitolo azigwiritsa ntchito moni wophatikiza aliyense, pamene chiwerengero chonga chomwecho cha a Republican chinkakana.

Komabe phokoso la pa kanema n'lalikulu kuposa mkangano wa m'misewu. Mu 2017 Pew inapeza kuti anthu 90 mwa 100 alionse a ku America amakondwerera Khirisimasi, kuphatikizapo ambiri amene si Akhristu. Atafunsidwa za moni wa m'masitolo, 52 anati kwa iwo zonse n'chimodzimodzi, 32 anasankha "Merry Christmas", ndipo 15 anasankha moni wosatchula chipembedzo. Mu 2005 osankha "Merry Christmas" anali 43.

Anthu ambiri amasintha moni malinga ndi malo komanso munthu amene akulankhula naye. Mayi yemweyo amene pakhomo la tchalitchi amati "Merry Christmas" kwa aliyense, m'mawa mwake amalemba "Happy Holidays" m'kalata yopita kwa makasitomala a kampani yake, n'kuuza mnzake wachiyuda kuti "Happy Hanukkah". Ogulitsa ena m'masitolo, ngati bwana sanawalamule mawu oti azinena, amadikira kuti wogula ayambe ndiye, kenako n'kumubwezera mawu ake omwewo.