Mutu 6: Kuwerenga Chithunzi cha Mfumu ndi Banja Lake

Mawu oyamba

Ena mwa inu mukukumbukira kuti mu nthawi ya Dr Kamuzu Banda, amene analamulira Malawi kuyambira 1964 mpaka 1994, chithunzi chake chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Chithunzicho sichinali chongokongoletsa khoma ayi. Chinkalankhula. Mu mutu uno tiona kuti mafumu a ku Ulaya ankachita zofananazo kalekale kamera isanabwere, pogwiritsa ntchito zithunzi zojambula pamanja ndi penti.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha:
1. kufotokoza chifukwa chimene mafumu ankajambulitsira zithunzi za mabanja awo;
2. kuthandiza ophunzira anu kufunsa mafunso pa chithunzi asanachikhulupirire.

Chithunzi cha banja la Henry VIII

Henry VIII anali mfumu ya England kuyambira 1509 mpaka 1547. Cha m'ma 1545 kunajambulidwa chithunzi chachikulu cha banja lake, chotalika pafupifupi mamita atatu ndi theka, chomwe chimasungidwa ku nyumba yachifumu ya Hampton Court.

Tiyeni tichione bwinobwino. Pakati pakhala mfumu pa mpando wachifumu. Kumanja kwake kwaima mwana wake wamwamuna, Edward, ndipo dzanja la mfumu lili pa phewa la mwanayo. Kumanzere kwake kwakhala Jane Seymour, mayi wa Edward. Ana aakazi awiri, Mary ndi Elizabeth, aima patali, wina uku wina uku, ndipo pali nsanamira zowalekanitsa ndi atatu apakatiwo.

Mwana wasukulu akachiona anganene kuti, "Aphunzitsi, apa banja linasonkhana n'kujambulitsa." Komatu tsiku limenelo silinakhalepo. Jane Seymour anamwalira mu Okotobala 1537, patangopita masiku 12 Edward atabadwa. Pamene chithunzichi chinkajambulidwa n'kuti atatha zaka pafupifupi 8 ali m'manda. Mkazi amene mfumu inali naye pa nthawiyo anali Catherine Parr, yemwe anakwatiwa mu 1543, koma m'chithunzimo mulibe.

Kodi wojambulayo analakwitsa?

Ayi ndithu. Anajambula uthenga umene mfumu inkafuna. Nkhawa yaikulu ya Henry inali ya wolowa ufumu. Bambo ake, Henry VII, anatenga ufumu pa nkhondo mu 1485, choncho banja lawo linali lisanazike mizu. Henry ankaopa kuti akadzamwalira wopanda mwana wamwamuna, dziko lidzabwerera ku nkhondo. Pa akazi ake 6, Jane Seymour yekha ndi amene anamusiyira mwana wamwamuna wodzalowa ufumu. N'chifukwa chake anaikidwa pambali pa mfumu ngakhale anali atamwalira.

Nanga ana aakaziwo bwanji aima patali? Ukwati wa mayi a Mary, Catherine of Aragon, unathetsedwa mu 1533. Mayi a Elizabeth, Anne Boleyn, anaphedwa molamulidwa ndi mfumu mu 1536. Atsikana onsewa anachotsedwa pa mndandanda wa olowa ufumu. Lamulo la mu 1544 linawabwezerapo, koma pambuyo pa Edward. Ndiye taonani: m'chithunzimo alimo, kusonyeza kuti abwezeretsedwa, koma ali m'mphepete, kusonyeza kuti oyamba si iwo. Tinganene kuti chithunzichi ndi lamulo lija lolembedwa ndi penti.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zosiyana ndi zimene chithunzi chinkalonjeza. Edward analamulira zaka 6 zokha ndipo anamwalira mu 1553 ali ndi zaka 15. Mary analamulira mpaka 1558. Elizabeth, uja anaima kumapeto, analamulira zaka 44, mpaka 1603.

Kufananiza ndi kwathu

Ophunzira amamva msanga mukayambira pa zimene akudziwa. Pa mwambo wa Achewa, ufumu umatsata kuchikazi. Kawirikawiri wolowa m'malo mwa mfumu amakhala mng'ono wake wa bere limodzi kapena mphwake, mwana wa mlongo wake, osati mwana wobereka yekha. Tsono tiyerekeze kuti mfumu ya Chichewa ikufuna chithunzi chonena za wolowa ufumu. Dzanja lake lingakhale pa phewa la yani? Nanga mayi wokhala pambali pake angakhale mkazi wake kapena mlongo wake? Funso limeneli limathandiza ophunzira kuona kuti malo amene munthu waikidwa m'chithunzi amatsata malamulo a anthu akumeneko.

Mafunso anayi ofunsa chithunzi

Musalole ophunzira kungosirira zovala ndi golide. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aphunzitseni kufunsa kuti:
1. Analamula kuti chijambulidwe ndani, ndipo ankafuna kuti achione ndani?
2. Ali pakati ndani, ali m'mphepete ndani?
3. Amene akusowamo ndani?
4. Ndi umboni wina uti umene ungatsimikize kapena kutsutsa zimene tikuonazi?

Funso lachinayi ndi lofunika kwambiri. Tadziwa kuti Jane Seymour anali atamwalira osati poyang'ana chithunzi, koma chifukwa cha zolembedwa za nthawiyo.

Ntchito 1

Pezani chithunzi cha mtsogoleri ali ndi anthu ena, kaya cha pa kalendala, m'nyuzipepala kapena pa chitenje. Yankhani mafunso anayi aja mu kope lanu. Kenaka yesani ntchito yomweyi ndi kalasi lanu, m'magulu a ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi. Lembani mayankho awiri a ophunzira amene simunawayembekezere, ndipo mudzakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana ndi mlangizi wanu.

Kumbukirani

Musataye chithunzi cha banja la Henry VIII chifukwa choti chili ndi munthu amene anali atamwalira. Ndi umboni wabwino, koma wa zimene mfumu inkafuna kuti anthu akhulupirire. Wophunzira amene wazolowera kusiyanitsa zimenezi ndi zimene zinachitikadi adzachita chimodzimodzi ndi zithunzi za nthawi ya kampeni ndiponso zimene amalandira pa foni.