Chiphaso cha Pantchito: Kiyi Amene Saiŵala

 Madzulo ano tikambirane za kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu mwakaonapo pachifuwa pa mwana wanu kapena mphwanu wogwira ntchito m'tauni. Ndikunena kakhadi ka pulasitiki kokhala ndi chithunzi ndi dzina, kolenjekeka pakachingwe m'khosi. Ena amakatcha baji, ena amati chiphaso cha pantchito. M'nyumba zina za maofesi, munthu akafika m'maŵa amagunditsa kakhadiko pa kabokosi kamene kali pambali pa chitseko. Kabokosiko kamalira, ndipo chitseko chimatseguka popanda kiyi. Woona angaganize kuti ntchito ya kakhadiko yathera pomwepo. Komatu sizili choncho. Kakhadi kameneka kamagwira ntchito ziŵiri: kamatsegula chitseko, ndiponso kamalembetsa mwini wake m'kaundula. Ubwino wake ndi kuopsa kwake zonse zagona pa ntchito ziŵiri zimenezi.

Tiyambe ndi funso lakuti, kodi mlonda ndi loko analakwa chiyani? Sanalakwe kanthu. Pa sitolo ya anthu 5, mlonda amadziŵa aliyense ndi nkhope, ndipo makiyi amakhala ndi munthu mmodzi. Vuto limayamba antchito akafika 500 kapena 5,000. Palibe mlonda angasunge nkhope zonsezo m'mutu. Ndipo kiyi mmodzi akatayika, kapena wantchito akachotsedwa n'kupita naye, mwini nyumba amayenera kusintha loko ndi kudulitsa makiyi atsopano a anthu onse.

Oyamba kulimbana ndi vuto limeneli anali eni migodi ndi mafakitale. M'migodi ya malasha ya ku Britain, munthu aliyense ankakhala ndi kachitsulo kozungulira kodindidwa nambala yake. Potenga nyali ankasiya kachitsuloko m'chipinda cha nyali, ndipo potuluka pansi ankabweza nyali n'kutenga kachitsulo kake. Ngozi ikachitika, akapitawo ankangoyang'ana tizitsulo totsala, n'kudziŵa amene akali pansi. Madoda athu amene anapita ku Joni ndi Wenela akhoza kuchitira umboni kuti kumgodi munthu ankadziŵika ndi nambala koposa dzina. Ku America nako, m'chaka cha 1890, Willard Bundy wa ku Auburn m'chigawo cha New York analembetsa wotchi yake yolemba nthaŵi ya antchito. Wantchito aliyense anali ndi kiyi wa nambala yake. Akaloŵetsa kiyiyo m'wotchi, nambala ndi nthaŵi zinkadindidwa papepala. Kampani yopanga mawotchiwo inaphatikizana ndi ena, ndipo m'chaka cha 1924 gululo linatenga dzina lakuti IBM.

Ku IBM komweko ndi kumene kunachokera khadi lokhala ndi kamzere kakuda kumsana, konga kamene mumakaona pa makhadi a kubanki. Kamzereko ndi tepi ya maginito, yofanana ndi ya m'kaseti. Kampaniyo imafotokoza kuti kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, injiniya wina dzina lake Forrest Parry ankavutika kumata tepiyo pa pulasitiki, chifukwa guluu ankaiononga. Mkazi wake, amene anali kusita zovala, ndiye anamuuza kuti ayese simbi. Kutentha kwa simbi kunamata tepiyo bwinobwino. Koma khadi la mtundu umenewu limafuna kukhwekhwereza m'kampata, ndipo limatha msanga. Motero pambuyo pake kunabwera makhadi amene angofuna kuyandikizidwa.

Tsono mvetserani mmene khadi loyandikiza limagwirira ntchito, pakuti mulibe matsenga. M'kati mwa pulasitiki muli kawaya kopyapyala kokulungidwa maulendo ambiri, ndi kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga kosunga nambala. Mulibe batire. Kabokosi ka pachitseko kamatulutsa mafunde a mtundu womwewo wa mafunde amene akubweretsa mawu anga m'wailesi yanu, kungoti aŵa ndi ofooka, amafika masentimita ochepa okha. Khadi likaloŵa m'mafundemo, kawaya kaja kamatola mphamvu yokwanira kudzutsa kachipangizoko, ndipo kamatchula nambala yake. Kabokosi ka pachitseko sikaŵeruza kanthu. Kamangotumiza nambalayo ku bokosi lina lolamulira, limene lili m'kati mwa nyumba. M'menemo muli mndandanda wonena kuti nambala yakuti iloledwa pa zitseko zakutizakuti, masiku akuti, maola akuti. Nambala ikapezeka, loko wa magetsi amamasuka kwa kamphindi. Ikapanda kupezeka, chitseko chimakhala chotseka. Kaya yaloledwa kaya yakanidwa, makinawo amalemba nambala, chitseko, tsiku ndi nthaŵi.

Apa ubwino wake ukuonekera poyera. Wosesa akhoza kuloledwa kuloŵa mbandakucha koma osaloledwa m'chipinda cha ndalama. Wosunga chuma akhoza kuloledwa m'chipinda cha ndalama koma osaloledwa mosungira mankhwala. Mlendo amapatsidwa khadi logwira ntchito tsiku limodzi lokha. Khadi likatayika, safuna mmisiri wa maloko. Amangofafaniza nambala yake pa mndandanda, ndipo wolitola watola pulasitiki chabe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndifuna mugone nacho usiku uno: makina ameneŵa amadziŵa nambala, sadziŵa munthu. Amene tinaimapo patsogolo pa kalasi tikudziŵa zimene zimachitika poitana maina m'kalasi la ana ochuluka. Mphunzitsi akaŵeramira m'kaundula osakweza maso, mwana wina amayankhira mnzake amene wapita kukaŵedza, ndipo kaundula amanena kuti onse analipo. Chitseko cha khadi chili ngati mphunzitsi wosakweza maso. Mukabwereketsa khadi lanu kwa mnzanu, kaundula adzanena kuti munaloŵa ndinu. Katundu akasoŵa m'chipindamo usiku umenewo, woyamba kufunsidwa mudzakhala inu. Palinso ulemu wathu womwewu. Mwatsegula chitseko, kumbuyo kwanu kukubwera munthu wovala bwino atanyamula katoni, ndipo mumamugwirira chitseko. Akuba ambiri a m'maofesi sathyola loko. Amaloŵa pamsana pa munthu waulemu.

Ngakhale nambala yomweyo ikhoza kubedwa. Njira yakale yolembera nambalazi, yotchedwa ndi dzina la John Wiegand, ili ndi timalo 26. Timalo 8 timasunga nambala ya nyumba, kuyambira 0 mpaka 255; timalo 16 timasunga nambala ya khadi, kuyambira 0 mpaka 65,535; tiŵiri totsala n'toyesera ngati nambalayo yaŵerengedwa bwino. Popeza manambala a nyumba alipo 256 okha, n'zotheka kuti makhadi aŵiri a makampani osiyana akhale ndi nambala imodzi. Kuonjezera apo, makhadi ambiri akale amatchula nambala yawo kwa kabokosi kalikonse kamene kafunsa, kakhale ka pachitseko kapena ka m'thumba la wakuba. Makhadi atsopano amabisa nambala yawo, komabe nawonso sakhala olimba mpaka kalekale. M'chaka cha 2008 ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Radboud ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti khadi lotchuka la MIFARE Classic likhoza kukoperedwa. Kampani yopanga makhadiwo inapita kukhoti kuti iletse kufalitsa zimene anapezazo, koma khoti linakana.

Chifukwa cha zimenezi, malo osamala kwambiri saikiza zonse pa khadi lokha. Amaikapo chithunzi kuti mlonda ayerekeze ndi nkhope. Amaika chipata chozungulira cholola munthu mmodzimmodzi. Amafuna kuti munthu atagunditsa khadi alembenso nambala yake yachinsinsi, kapena aike chala pa makina oŵerenga zidindo za zala. Ena amatchera makina kuti khadi limene laloŵa lisaloŵenso lisanatuluke, kuti munthu asaliponyere mnzake pawindo.

Pali mbali ina imene eni nyumba ena amaiiŵala, ndiyo kutuluka. Pa 25 Malichi 1911 moto unabuka m'fakitale yosoka zovala ya Triangle mu mzinda wa New York, ndipo anthu 146 anafa, ambiri a iwo atsikana ndi amayi. Chimodzi mwa zitseko zothaŵira chinali chokiyidwa. Kuchokera ku masoka otere kunabwera lamulo limene omanga nyumba amatsata m'maiko ambiri: chitseko chikhoza kukaniza munthu kuloŵa, koma chisamukanize kuthaŵa. Zitseko za khadi zimayenera kulumikizidwa ku belu la moto kuti likalira zimasuke zokha, ndipo payenera kukhala njira yotsegulira ndi dzanja kuchokera m'kati. Kwathu kuno, kumene magetsi amathimathima, funso limeneli si lamaseŵera. Wantchito aliyense ayenera kudziŵa chimene chitseko cha pantchito pake chimachita magetsi akathima. Kumene anthu amagunditsa khadi poloŵa ndi potuluka pomwe, kaundula uja amagwiranso ntchito ya tizitsulo ta kumgodi: anthu akasonkhana panja, amaonetsa amene akali m'nyumba.

Tsopano tibwere ku ntchito yachiŵiri, yoŵerenga anthu pofuna kugaŵa malo. Nyumba ya maofesi imadya ndalama zambiri: lendi, magetsi, madzi, osesa ndi alonda. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi antchito 200 ndi madesiki 200. Kaundula wa pachitseko akuonetsa kuti kwa miyezi 6 palibe tsiku limene analoŵa anthu oposa 130, chifukwa ena ali patchuthi, ena ali paulendo, ena akudwala. Ndiye kuti madesiki 70 akulipiridwa lendi popanda wokhalapo. Akuluakulu akaona zimenezi akhoza kubweza chipinda chimodzi kwa mwini nyumba, kuzimitsa magetsi m'mbali yosagwiritsidwa ntchito, kapena kulamula kuti desiki isakhalenso ya munthu mmodzi, koma aliyense azikhala pamene wapeza kapena pamene wasungitsa.

Nzeru imeneyi ikhoza kupulumutsa ndalama, koma ikhozanso kusokoneza ntchito. M'chaka cha 1994 Jay Chiat, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya Chiat/Day ku Los Angeles, anachotsa madesiki a munthu payekha. Wantchito ankabwereka kompyuta ndi foni m'maŵa n'kubweza madzulo. Zipangizozo zinachepa, anthu anayamba kulaŵirira kuti akapeze malo, ena n'kumabisa zimene abwereka, ena n'kumasunga mapepala awo m'galimoto. Patapita zaka zoŵerengeka kampaniyo inabweza madesiki. Chiŵerengero chinali chitanena kuti malo ndi okwanira, koma sichinanene kuti munthu amafuna poika mapepala ake ndi pamene anzake angamupeze.

Mliri wa Covid-19 utabuka m'chaka cha 2020, anthu ambiri a m'maofesi ku Ulaya ndi ku America anayamba kugwirira ntchito kunyumba, ndipo kaundula wa pachitseko anasanduka sikelo yoyesera ngati abwerera. Kampani ya Kastle Systems, imene imayang'anira zitseko za nyumba zambiri ku America, inayamba kufalitsa sabata ndi sabata chiŵerengero cha oloŵa m'maofesi a m'mizinda ikuluikulu 10. Chiŵerengerocho chinafika theka la mmene chinalili mliri usanabwere mu Januwale 2023. M'chaka chomwecho kampani ya Google inauza antchito ake kuti idzayang'ana kaundula wa makhadi pofuna kuona amene akubwera ku ofesi masiku 3 pa sabata. Kodi chinatsatira n'chiyani m'makampani ambiri otere? Antchito ena anaphunzira kufika, kugunditsa khadi, kumwa khofi, n'kubwerera kwawo. Kaundula ankati analipo. Apanso tikuona kuti makina amaŵerenga kuloŵa, saŵerenga ntchito.

Mabwana ena atazindikira kupereŵera kumeneku anafuna kuona zambiri. Mu Januwale 2016 atolankhani a nyuzipepala ya Daily Telegraph ku London anapeza timabokosi tomatidwa kunsi kwa madesiki awo, tozindikira ngati pampando pali munthu. Akuluakulu anati cholinga chinali kusamala magetsi ndi malo, koma antchito sanali atafunsidwa. Anadandaula, ndipo timabokosito tinachotsedwa posakhalitsa. Phunziro lake n'lakuti kuŵerenga anthu pofuna kugaŵa malo n'kosiyana ndi kulonda munthu mmodzimmodzi. Pofuna kudziŵa madesiki ofunika, chiŵerengero chopanda maina n'chokwanira.

Malamulo nawonso aloŵererapo. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya anayamba kutsata lamulo lawo lalikulu loteteza mbiri ya munthu mu Meyi 2018, ndipo kuno ku Malaŵi lamulo la mtundu womwewo linakhazikitsidwa m'chaka cha 2024, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Mfundo za malamulo otere n'zosavuta kumva: munthu auzidwe zimene zikulembedwa za iye, zilembedwe pa chifukwa chodziŵika, zisungidwe mosamala, ndipo zisasungidwe kupitirira nthaŵi yofunikira.

Choncho inu amene mumavala kakhadi kameneka, musakabwereketse, ngakhale kwa mnzanu wapamtima. Kakatayika, nenani tsiku lomwelo. Mlendo akafuna kuloŵa pamsana panu, mulonjereni mwaulemu ndi kumuperekeza kwa mlonda. Ndipo funsani akuluakulu anu: kaundulayu amamuona ndani, amasungidwa kwa nthaŵi yaitali bwanji, ndipo kodi adzagwiritsidwa ntchito podula malipiro? Akulu akale anati safunsa anadya phula. Inunso olemba anthu ntchito, fafanizani nambala ya munthu tsiku limene wasiya ntchito, yesani zitseko zanu magetsi atathima, ndipo musachotse mlonda poganiza kuti kabokosi kaloŵa m'malo mwake, pakuti kabokosi sikakweza maso kuti kaone amene wanyamula khadi.