Za Kubwebweta

Inu a ku Namitambo mudziwa kulira kwa ng'oma ya usiku, pamene Alomwe avinira munthu wodwala nantongwe. Wodwalayo anjenjemera, agwa pansi, nayamba kulankhula ndi mawu achilendo. Makolo anatcha chimenechi kubwebweta, nati mzimu wamgwira.

Kubwebweta kudziwikanso ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona wopemphako mvula. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, anafufuza mwambowu, natulutsa buku la River of Blood m'chaka cha 1992. Iwo anaona kuti pa nthawi ya tsoka wobwebweta ankadzudzula mafumu poyera, natchula zolakwa zimene anthu wamba ankangonong'onezana. Pakuti mawuwo ankayesedwa a Mbona, anali ovuta kuwanyoza.

Tsono wina akagwa chotero m'nyumba mwanu, musamseke, musammenye. Mtengereni kuchipatala, pakuti khunyu ndi malungo aakulu zigwetsanso munthu. Ndipo atatsitsimuka, mumfunse mofatsa chimene chimsautsa mumtima: kapena ndi nkhanza za m'banja, kapena maliro osaiwalika, zimene anasowa pozinenera.