Matumba adzaza chipinda, koma phindu lili pati?

Kukolola kukangotha, masikelo amalendewera m'mitengo kuyambira pa Mponela ndi Madisi mpaka ku Malomo. Masiku ano ogula si mavenda okha. Aphunzitsi, eni magolosale ndi mamembala a banki mkhonde nawonso akuunjika chimanga m'nyumba, ndipo onse akunena chimodzimodzi: ukagula mu Meyi n'kugulitsa mu Febuluwale, sungaluze.

M'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Ntchisi, mayi wina wasamutsira ana ake pabalaza kuti chipinda chawo chikhale cha matumba. Wawasanja pa mitengo yogoneka pa njerwa, motalikirana ndi khoma, kuopa chinyezi. Zenera walitseka ndi katoni, ndipo mphaka yekha ndiye amalowamo popanda kupempha. Loweruka lililonse amamasula thumba limodzi, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutapa chapakati kuti aone ngati anankafumbwe ayamba kufumbula. Ndi mayi wosamala kwambiri. M'kope la sukulu walembamo mtengo umene adagulira ndi umene akuyembekezera kudzagulitsira, ndipo kusiyana kwake wakuzunguliza ndi cholembera chofiira.

M'kopemo mulibe ndalama ya ngolo, ya matumba kapena ya mankhwala. Mulibenso chiwongoladzanja, chonsecho gawo lina la mpamba adakongola ku banki mkhonde.

Apa ndi pamene amatsutsana ndi mlamu wake, yemwe adachitapo uvenda pa Mponela. Mayiyu akuti chibadwire sanaonepo chimanga chikutsika mtengo m'miyezi ya njala. Mlamuyo amamukumbutsa za 2017. Chaka chimenecho dziko lidakolola zambiri, boma linali litaletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mitengo idagona pansi miyezi yonse. Chiletsocho chidachotsedwa mu Okutobala, koma amene adasunga sadapeze chimene ankadikira. Ena adagulitsa pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene adagulira, chimanga chitapepuka kale chifukwa chouma.

Umboni uli mbali zonse ziwiri. Kafukufuku amene adaunika misika yoposa 1,000 m'maiko 30 a mu Africa kwa zaka pafupifupi 20 adapeza kuti nthawi zambiri mtengo umakweradi, koma pafupifupi kamodzi pa kasanu ndi kamodzi sukwera kuposa wa nthawi yokolola. Ku Kenya, alimi amene adapatsidwa ngongole kuti asunge chimanga adapindula, koma m'madera momwe osunga adachuluka phindulo lidachepa, popeza onse adatulutsa matumba nthawi imodzi. Zimenezi n'zofunika kuziganizira ku Dowa, kumene osunga akuchulukirachulukira.

Palinso nkhani ya kwacha. Ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene adagulitsa thumba pa mtengo wokwera m'zaka zimenezo adawerenga makwacha ambiri, koma atafika pogula feteleza adapeza kuti nayenso wathawa. Kukwera kwa mtengo pakokha sikukwanira kukhala umboni wa phindu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amene akukopa anzawo amangotchula chaka chimodzi chimene zidawayendera.

Mfundo ya mlamuyo imene mayiyu sanaiyankhe ndi ya kalendala. Gulu la banki mkhonde la mayiyu limagawana masheya mu Disembala, ndipo ngongole zonse ziyenera kubwezedwa tsikulo lisanafike. Choncho matumba ena adzatuluka mu Novembala, mtengo usanafike pamene kopelo likunena.

Chinanso chimene chikuoneka m'mapirimu n'chakuti ogula sakudikiranso alimi pamsika. Anyamata a njinga zamoto akufika m'midzi ya kutali, sikelo ili kumsana, nthawi zina chimanga chisanaume n'komwe.