Nsanja za Tchalitchi cha pa Mishoni ya Blantyre

Munthu wochokera ku Chinyonga, akapitirira pakati pa mzinda nalowa msewu wa ku Chileka, amaona nsanja ziwiri za njerwa zofiira zitatulukira pamwamba pa mitengo. Izi ndi nsanja za tchalitchi cha St Michael and All Angels, cha Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Ambiri amangomva belu, osadziwa kuti nyumbayi inamangidwa popanda pulani yolembedwa papepala.

Mishoniyi inayambidwa m'chaka cha 1876 ndi a mpingo wa Church of Scotland, malowo atasankhidwa ndi Henry Henderson. M'busa David Clement Scott anafika mu 1881. Iyeyu sanaphunzirepo za zomangamanga, komabe mu 1888 anayamba nchito ya tchalitchichi, ndipo chinapatulidwa pa 10 May 1891.

Mamangidwe ake ndiwo odabwitsa. Njerwa zonse zinaumbidwa pomwepo ndi dothi la pamalopo, naziotcha ndi nkhuni. Akuti zikombole zake zinali za mitundu 81, pakuti pakhomo, pazenera ndi pachipilala pafunika njerwa yakeyake. Chigawo chilichonse ankayamba achiyala chouma, chopanda matope. Maso akakhuta, pamenepo ndipo ankamanga. Woyang'anitsitsa adzaona kuti nsanja ziwirizo sizifanana, ndipo pakati pa nyumbayo pali denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Utali wa tchalitchicho ndi mapazi 106, mulifupi mapazi 30.

Tsono mabuku amatchula Scott yekha. Koma amene anaponda dothi, kuotcha njerwa ndi kukwera pamwamba kukaziyala anali anthu a dziko lino, amene anali asanaonepo nyumba yotere. Anaphunzirira nchito pa khoma lomwelo, ndipo khomalo laima zaka zoposa 130, mvula ya dzinja ndi dzinja ikuliomba. Ulemu umene upatsidwa kwa mmodzi uyenera kugawidwa.

Scott analembanso buku la mawu a Chimang'anja, lotuluka mu 1892, limene aphunzitsi a chinenero chathu sayenera kuliiwala. Anachoka ku Blantyre mu 1898, m'malo mwake munalowa Alexander Hetherwick, ndipo anamwalira ku Kenya mu 1907.

Lero tchalitchichi chili m'gulu la zipilala za mbiri zotetezedwa ndi Boma. Njerwa yake imodzi ikasweka siigulidwa pamsika. Mpaka mmisiri aseme chikombole china chofanana ndi chakalecho.