Mwana akasiya mankhwala, musamuchotse diso

Madzulo mukamadutsa pa Mbulumbuzi kapena pa Namitambo m'boma la Chiradzulu, mumaona anyamata akunyamula zitsulo zodzipangira okha: paipi, uku ndi uku simenti youmira m'zitini. Palibe cholakwa pamenepo. Nkhawa imabwera mnyamata akatopa kudikira minofu, mnzake n'kumunong'oneza za mapilisi kapena jakisoni wa ma steroid.

Mankhwalawa amagwira ntchito ngati testosterone, mphamvu yachimuna imene thupi limapanga lokha. Thupi likaona kuti yachuluka, limaleka kupanga yake. Ndiye mnyamata akasiya kumwa, amatsala wopanda zonse ziwiri. Minofu imaphwa, tulo timavuta, mtima umasweka popanda chifukwa chooneka, ndipo zimenezi zitha kutenga miyezi. Ku America, Taylor Hooton, wosewera baseball wa zaka 17, anadzipha mu 2003 atangosiya kumene ma steroid. Mankhwala paokha sangafotokoze imfa iliyonse yotere, koma madokotala amachenjeza kuti nthawi yosiyayo ndi yoopsa.

Kwathu kuno zimene makolo ambiri akulimbana nazo ndi chamba, kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo, umene unalowa m'malo mwa masacheti ataletsedwa. Lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala basi, osati chosuta, ngakhale anyamata ena amakamba ngati boma linatsegula zonse. Mowa umachotsa mantha. Maganizo oipa amene akanatha pofika m'mawa, woledzera amatha kuwachita usiku womwewo.

Apa ndi pamene ambirife timaphonya. Tikamugwira mwana timamukalipira, mwina kumuthira mbama, iye n'kulonjeza kuti wasiya. Akayamba kudzitsekera m'gowelo, osadya, osapitanso ku mpira, timati wasintha, wafatsa. Ayi ndithu, kufatsa kwina ndi matenda. Akamagawa zinthu zake kapena kunena kuti posachedwa mupuma, musatenge ngati nthabwala.

Mufunseni mosazungulira: "Mwanawe, kodi ukuganiza zodzipha?" Funsoli silimuika maganizo oipa m'mutu, limamupatsa poyambira kulankhula. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumba tsiku lomwelo. Pitani naye ku chipatala cha boma cha Chiradzulu mukafunse woona za matenda a maganizo. Zikakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Nambala yothandiza ana, 116, ndi yaulere.