Tsiku Limene YouTube Inasochera ku Pakistan

Lero tibwerera ku Lamulungu la pa 24 February 2008. Boma la Pakistan linali litalamula makampani a intaneti m'dzikomo kuti atseke YouTube chifukwa cha kanema wina amene ankati akunyoza chipembedzo. Kampani ya Pakistan Telecom inamvera. Inauza makina ake olondolera njira, otchedwa ma router, kuti aliyense wofuna YouTube azifikira kwa iwo ndi kuthera pomwepo. Zimenezi zinali zam'nyumba, zoti zisatuluke kunja. Koma uthengawo unadumpha mpanda n'kukafika kwa PCCW ya ku Hong Kong, kampani imene inkawalumikiza ndi dziko lonse. PCCW sinafunse kanthu. Inangolandira, n'kuuzako anzake, anzakewo n'kuuzanso ena, ndipo kwa maola pafupifupi awiri anthu a m'mayiko ambiri analephera kutsegula YouTube.

Kuti timvetse zimenezi, tiyambe ndi mwambo wake. Intaneti ilibe mfumu imodzi. Ndi manetiweki masauzandemasauzande, iliyonse ndi mwini wake, ndipo ma router a m'malire amakhalira kuuzana kuti, wofuna kupita kwakutikwakuti adzere kwa ine. Chilankhulo chimene amauzirana chimatchedwa BGP. Anachilemba koyamba mu 1989 akatswiri awiri, Kirk Lougheed wa ku Cisco ndi Yakov Rekhter wa ku IBM, patimapepala topukutira m'manja pa nthawi ya chakudya, ali kumsonkhano ku Austin, Texas. Masiku amenewo oyendetsa manetiweki anali ochepa, ambiri ankadziwana mayina, choncho mawu a mnzako unkangowakhulupirira. M'chilankhulocho simunaikidwe njira yotsimikizira ngati wolengezayo akunena zoona.

Pali lamulo linanso limene linakulitsa vutoli. Router ikamva anthu awiri akulengeza malo amodzi, imatsatira amene watchula mwachindunji kwambiri. YouTube inkalengeza maadiresi 1,024 pamodzi. Pakistan Telecom inalengeza 256 okha mwa amenewo, ndipo inapambana. Akatswiri a YouTube anachita kulengeza timagawo ting'onoting'ono kuti alande anthu awo, koma zinthu zinakhala bwino pamene PCCW inasiya kufalitsa njira yabodzayo.

Apa mpamene mtima wanga umawawa. Kulakwitsa pa kompyuta, aliyense amalakwitsa. Koma mnansi wamkulu, PCCW, anali ndi mphamvu yoti cholakwacho chithere pakhomo pake, akanakhala ndi sefa. Monga mayi asefera ufa kuti magaga asalowe mumphika, woyendetsa netiweki amalemba mndandanda wa maadiresi amene kasitomala wake ali nawo mwalamulo. Chilengezo chikabwera, router imachiyerekeza ndi mndandandawo mzere ndi mzere. Chikapezekamo chimalowa, chikasowamo chimatayidwa. Amaikanso malire: mnansi amene amatumiza njira makumi awiri akadzuka n'kutumiza masauzande, router imadula kulumikizanako yokha. Ndipo sefa imagwira kuwiri, polandira ndi potumiza, chifukwa zimene wamva kwa mnansi mmodzi si zonse zoyenera kukauza wina. Ntchito yake ndi yotopetsa, makasitomala amasintha maadiresi, mndandanda umafuna kukonzedwa kawirikawiri, n'chifukwa chake ena ankangoisiya.

Pang'onopang'ono mwambo wakhala ukusintha. Mu 2014 oyendetsa manetiweki, mothandizidwa ndi bungwe la Internet Society, anayambitsa pangano la MANRS, ndipo kusefa ndi imodzi mwa mfundo zake zikuluzikulu. Mu 2017 bungwe la IETF linakhazikitsa kuti router isamalandire kapena kutumiza njira kwa mnansi wakunja pokhapokha mwini wake atalemba malamulo omveka. Kunabweranso RPKI, njira imene mwini maadiresi amasainira chikalata chonena kuti ndi netiweki iti yololedwa kuwalengeza. Kuno ku Africa zikalata zimenezi zimadzera ku AFRINIC, imene likulu lake lili ku Mauritius.

Komatu chikalata sichigwira zonse. Pa 12 November 2018 kampani ya MainOne ya ku Lagos, ku Nigeria, inatulutsa mwangozi njira za Google zimene inkalandira kuti igwiritse ntchito yokha, n'kuzipereka kwa China Telecom. Kuchokera kumeneko zinapitiriranso mpaka ku Russia, ndipo kwa mphindi 74 anthu ena ofuna Google ankalozeredwa njira yolakwika n'kulephera kufika. Pa ulendowu panalibe wonama kuti maadiresiwo ndi ake. Dzina la Google linali pamalo pake, kotero kuona chikalata cha mwini kokha sikukanathandiza. Chimene chinasowa ndi sefa pa khomo lotulukira la MainOne ndiponso pa khomo lolowera la China Telecom. MainOne inavomera poyera kuti inalakwitsa pokonza makina ake, ndipo inabweza zinthu m'malo mwake tsiku lomwelo.